Zimene Khasu Limafukula ku Karonga

Amene adatsikapo phiri la Chiweta pa basi akudziŵa m'mene mtima umakhalira m'malo munthu akafika pansi, nyanja ili phee kudzanja lamanja, mapiri a ku Tanzania akuoneka mwa chizimezime kutsidya. Ife tidatsika phirilo pa tchuthi cha Ogasiti, tili aphunzitsi atatu, pa ulendo wokacheza kwa mnzathu wa ku Karonga amene tidaphunzira naye ntchito yauphunzitsi.

Karonga ndi dziko lachidikha, lotentha, la mpunga, nthochi ndi ng'ombe. Tsiku lachiŵiri mnzathuyo adatiperekeza kwa bambo wina wachikulire amene amalima kumpoto kwa tauni. Titalonjerana, bamboyo adaloŵa m'nyumba natuluka ndi chitini chakale, nakhuthulira pamphasa zimene khasu lake lakhala likufukula m'munda: makoko asanu ndi aŵiri a zipolopolo, obiriŵira ndi ukalamba, ndi kampira kamodzi ka mtovu.

"Aphunzitsi," adatero, mnzathu akutanthauzira Chinkhondecho, "inu mumaŵerenga mabuku. Tandiuzani, zimenezi n'za nkhondo iti?"

Funsoli lidali lanzeru, pakuti nthaka ya Karonga idamwa magazi kaŵiri. Nkhondo yoyamba idali ya Mlozi, wogula akapolo uja, amene adalimbana ndi azungu a African Lakes Company pamodzi ndi Ankhonde kuyambira 1887, kufikira mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston adagumula linga lake ku Mpata nam'pachika. Yachiŵiri ndiyo imene makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Ajeremani adaoloka Songwe, ndipo pa 9 Seputembala 1914 adazinga boma la Karonga. Asilikali a King's African Rifles, motsogozedwa ndi Captain Barton, adali atapita kumpoto kukaŵachingamira, koma magulu aŵiriwo adaphonyana panjira. Atamva mizinga kumbuyo kwawo adabwerera msanga, ndipo Ajeremani adagonja nasiya mizinga iŵiri.

Tidapempha madzi ndi kansalu. Mdzukulu wina adathamangira phulusa ndi mchenga kuti akweche makokowo ngati poto, koma tidam'letsa, chifukwa kukwecha kumafafaniza zilembo, ndipo mbiri yonse ya khoko ili m'zilembozo. Khoko limaŵerengedwa kutako kwake. Titapukuta limodzi mofatsa, padaoneka R ndi L, kamuvi kali pakati pawo, kenaka 12, kenaka VI. Kamuviko ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Angerezi. R ndi L akuimira Royal Laboratory ya ku Woolwich, kumene ankapanga zipolopolo. 12 ndi chaka cha 1912. VI ndi mtundu wa chipolopolo cha mfuti ya .303: mtundu wachisanu ndi chimodzi udayamba mu 1904 ndipo udali wobuntha kumutu, pamene wachisanu ndi chiŵiri, wosongoka, udadza mu 1910. Makoko asanu adali a mtundu womwewu. Choncho za Mlozi zidachoka pamenepo, popeza chipolopolo cha 1912 sichikadaomberedwa mu 1895.

Apa m'pofunika kuleza mtima, makamaka inu achinyamata amene mumafulumira kugamula. Chaka cha pakhoko chimanena nthaŵi imene chipolopolo chidapangidwa, osati tsiku limene chidaomberedwa. Cha 1912 chikhoza kukhala cha nkhondo ya 1914, komanso chikhoza kukhala cha mlenje amene adaombera mvuu zaka makumi aŵiri pambuyo pake. Mboni imodzi siikwanira pa mlandu. Tidafunsa bamboyo kuti makokowo adaŵatola pati. Adayankha kuti asanuwo adali pamodzi, m'mbali mwa kamtsinje kouma, pa malo osaposa mphasa imodzi. Mlenje sataya zipolopolo zisanu ali chikhalire pamalo amodzi. Wochita zotere ndi munthu amene wagona chafufumimba, akuomberana ndi anzake.

Khoko lachisanu ndi chimodzi lidatichedwetsa. Zilembo zake zidali zitadyeka, motero tidatulutsa rula, chida chimene mphunzitsi sasiya kunyumba. Kukamwa kwa khoko la .303 sikufika mamilimita 8, koma ili lidakwana 11. Asilikali akuda a Ajeremani ambiri mu 1914 adali ndi mfuti zakale za Mauser za 1871, za mamilimita 11, zogwiritsa wonga wakuda umene utsi wake unkaulula pamene munthu wabisala. Komabe mfuti ya Angerezi ya Martini-Henry, ya m'masiku a Mlozi, nayonso n'njotakata kukamwa. Kusiyana kwake n'kwakuti khoko la Martini ndi lonenepa thupi, la mapewa ngati botolo. Lathuli lidali loonda, ndipo tidagwirizana, ngakhale mmodzi wa ife adatsutsa kufikira madzulo, kuti lidali la Ajeremani. Lidatoledwa kutsidya kwa kamtsinje komweko.

Kampira ka mtovu, koyera ngati kapakidwa ufa, kadali ka mfuti ya gogodera. Anthu a Mlozi adali nazo zambiri, koma alenje adapitiriza kuzigwiritsa zaka zochuluka nkhondoyo itatha. Kameneko tidakasiya kopanda chaka.

Lachisanu ndi chiŵiri ndilo lidatiumitsa pakamwa. Lidali ndi mutu wake, ndipo pakati pa thako lake padalibe kachibowo kamene msomali wa mfuti umasiya ukamenya. Chidali chipolopolo chamoyo, ndipo adzukulu ankaseŵera nacho pafupi ndi mafuwa! Makolo, wonga sukalamba monga m'mene ife timakalambira. Chinthu chotere chikagwera pamoto chimaphulika. Chachikulu, chonga bomba la mzinga, musachinyamule, musachimenye ndi khasu pofuna chitsulo chogulitsa. Ikani chizindikiro pamalopo ndi kuuza amfumu ndi apolisi.

M'maŵa mwake tidapita ku manda a nkhondo a m'tauni, kumene azungu amene adafa mu 1914 adaikidwa, maina awo ali pamiyala. Tidakumbukira kuti John Chilembwe adalemba kalata yake yodandaula za magazi a anthu akuda mu Novembala 1914, nkhondo ya Karonga itangochitika. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondoyo, ndipo amene adafera m'njira ambiri alibe mwala.

Bambo uja adatiperekeza, chitini chili m'manja. Chipolopolo chamoyo tidakasiya kupolisi, ndipo zotsalazo adati akazionetsa ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Koma khoko limodzi la 1912 adalipatula nalimanga pansonga ya mpango. Adati agogo ake adasenza mabokosi a zipolopolo kukwera mapiri a ku Tukuyu mu 1916, ndipo kunyumba kwawo kulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.