Phiri lija linali dzenje

Lero sindilemba za mayeso kapena za malipiro. Ndili ndi mlandu umene ndausunga kuyambira 2007, ndipo ena a inu amene munali Fomu 3 chaka chimenecho munalipo pamene ndinkaupalamula.

Teremu imeneyo ndinkaphunzitsa kawerengedwe ka zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, mutu umene ana ambiri amadana nawo mu Jogalafe. Buku linali limodzi, zithunzi zake zofufuma. Ndiye Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku tauni, n'kulowa mu intaneti kafe. Mukukumbukira mmene zinkakhalira masiku amenewo: ndalama ikuwerengedwa pa mphindi, chithunzi chikutsika pang'onopang'ono ngati nsalu yotchinga pawindo. Ndinapeza zithunzi za pulaneti ya Mars. Poopa bilu, ndinapulinta zithunzi ziwiri zokha, mawu ofotokoza a m'munsi mwake osawerenga n'komwe.

Chimodzi ndinkachidziwa, chinali cha phiri la Olympus Mons. Chinacho chinkaonetsa chinthu chozungulira, m'mbali mwake mokumbikakumbika, pakati pake pali timizere. Nditachiyang'ana ndinati basi, ili ndi phiri lathyathyathya pamwamba. Lolemba ndinachikweza m'mwamba kutsogolo kwa kalasi n'kufotokoza choncho molimba mtima, kenako ndinachipereka kuti chizungulire.

Chitafika ku desiki ya kumbuyo, mtsikana wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani, koma ine ndikuona ngati ndi dzenje. Likufanana ndi maenje aja timakumbamo dothi la njerwa."

"Iwe," ndinatero, "pakati pa iwe ndi ine, anapita ku koleji ndani?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Iye anatsitsa dzanja. Teremu yonseyo sanalikwezenso.

Patatha masabata awiri, usiku wina magetsi atazima, ndinkachonga makope pa kandulo. Pepala lija linagwa m'buku n'kukhala patebulo chadodolido, kumutu kuli kumiyendo. Ndinangoti kakasi. Phiri langa linali litasanduka dzenje, lakuya bwinobwino, mchenga uli pansi pake. Nditalitembenuza, phiri linabwerera. Mwana uja pepala linamufika lotembenuka, ndipo anaona zoona.

Nditabwerera ku kafe kuja ndinawerenga zimene ndinadumpha. Chinali chidzenje chotchedwa Victoria, chimene chinakumbika pamene chimwala chochokera m'mlengalenga chinagwera pa Mars kalekale. M'mimba mwake ndi mamita oposa 700, kuya kwake pafupifupi mamita 70. Chinajambulidwa pa 3 October 2006 ndi chombo cha NASA chotchedwa Mars Reconnaissance Orbiter, chimene chinanyamuka pano mu August 2005 n'kukafika mu March 2006. Chombochi chimazungulira Mars pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera pansi, ndipo kamera yake, HiRISE, imatha kuona chinthu chachikulu ngati tebulo la mphunzitsi. M'chithunzi chomwecho, m'mphepete mwa dzenje, muli kadontho: ndi Opportunity, kagalimoto kopanda munthu kamene kanali katangofika pamenepo masiku ochepa m'mbuyomo. Ine ndinkayesa ndi kachitsotso ka pulinta.

Tsono n'chifukwa chiyani maso anandinamiza? Chichewa chathu chinayankha kale. Timati chithunzi, timatinso mthunzi, ndipo mawu awiriwa ndi pachibale. Kamera yoyang'ana pansi kuchokera m'mwamba siiona kutalika kwa chinthu. Imaona powala ndi pamthunzi basi. Ubongo wathu unazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, ndiye ukapatsidwa pepala umaganiza kuti dzuwa lili kumutu kwa pepalalo. Dzuwa likakhala kuti linali kumiyendo kwake, dzenje limatukumuka n'kuoneka ngati chulu. Yesani nokha madzulo ano. Ikani mbale ziwiri pabwalo, ina yovundikira, ina yoyang'ana kumwamba. Yovundikirayo mthunzi wake ukhala mbali yotalikira dzuwa. Inayo mthunzi wa m'kati mwake ukhala mbali imene kuli dzuwa. Munthu wosadziwa kumene kunali dzuwa sangasiyanitse mbale ziwirizi pachithunzi.

Akatswiri a zimenezi sadalira maso okha. Mars Reconnaissance Orbiter anaiikira njira yoti izidutsa pamalo alionse cha m'ma 3 koloko masana a kumeneko, kotero amadziwa kumene dzuwa lili pa chithunzi chilichonse. Akafuna kudziwa kuya kwa malo, amawajambula kawiri, chombo chitapendekera mbali zosiyana, monga momwe maso athu awiri amachitira. Chombo china cha m'mbuyomo, Mars Global Surveyor, chinkaponya kuwala kwa leza pansi n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, ndipo mwa njira imeneyi chinayeza zitunda ndi zigwa za pulaneti yonse.

Chimene chinanditonthoza pang'ono n'chakuti sindine woyamba kupusitsidwa ndi Mars. Mu July 1976 chombo cha Viking 1 chinajambula chitunda china m'dera la Cydonia dzuwa litapendeka kwambiri. Mithunzi inapanga maso ndi pakamwa, ndipo kadontho kakuda, pamene uthenga wa wailesi unaduka, kanakhala ngati mphuno. Kwa zaka zoposa 20 anthu analemba mabuku onena kuti ndi nkhope yosemedwa ndi zolengedwa za kumeneko. Mars Global Surveyor itajambulanso malowo mu 1998 ndi mu 2001, ndi kamera yabwinopo komanso dzuwa lili pena, nkhope ija inapezeka kuti ndi chitunda wamba chokokoloka.

Ngakhale asayansi enieniwo anayamba ndi kuphonya. Mu 1965 Mariner 4 inangodutsa pafupi ndi Mars, osaima, n'kutumiza zithunzi 21 ndi kachidutswa. Zinaonetsa maenje okhaokha, ndipo ambiri anati Mars ndi dziko lakufa ngati mwezi. Zinasintha ndi Mariner 9, chombo choyamba kuzungulira pulaneti ina, chimene chinafika mu November 1971. Chinapeza chimphepo cha fumbi chitakuta pulaneti yonse, osaoneka kanthu kupatula madontho anayi akuda. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyendetsa chombocho anachiuza kuti chidikire. Fumbi litayamba kukhazikika, madontho aja anapezeka kuti ndi nsonga za mapiri ophulika, ataliatali mwakuti anatulukira pamwamba pa fumbilo. Lalikulu mwa iwo, Olympus Mons, ndi lotalika makilomita oposa 21. Sapitwa wathu pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye mumusanjikize kasanu ndi kawiri. Chinapezanso chigwa chotalika makilomita 4,000, chimene anachitcha Valles Marineris pokumbukira chombocho. Pofika October 1972 chinali chitatumiza zithunzi 7,329. Mariner 4 sinaname ayi. Inangoona kachigawo kamodzi, tsiku limodzi.

Kusiyana kwa anthu amenewa ndi ine n'kwakuti iwo atapeza kuti analakwa anabwerera n'kukanena poyera. Ine sindinabwerere. Ndinkadziuza kuti ndikonza Lolemba likudzali. Kenako kunabwera mayeso, kenako holide, kenako mwana uja anasiya Jogalafe atalowa Fomu 4. Chifukwa chake sindinamufunse, ndipo mwina sichinali ine. Koma ana oposa 60 anatuluka m'kalasi muja akudziwa zinthu ziwiri zabodza: kuti Victoria ndi phiri, ndiponso kuti wa ku desiki ya kumbuyo akaona zosiyana ndi mphunzitsi, wolakwa ndi iyeyo. Choyambacho sichinabwere pa mayeso a MSCE. Chachiwiricho ndi chimene chimandisowetsa tulo.

Aphunzitsi anzanga, tonse timadziwa chimene chimatichititsa zotere. Kalasi ndi yodzaza, silabasi ndi yaitali, ndipo timaopa kuti tikavomera kulakwa kamodzi ana sadzatiopanso. Ine ndinaopa choncho. Koma kuyambira 2008, chaka chilichonse ndimayamba mutu umenewu ndi pepala lomwe lija, lomwe pano lachita chikasu. Ndimaika ana mbali ziwiri za tebulo, pepala pakati, n'kufunsa kuti akuona chiyani. Amakangana mpaka thukuta. Kenako ndimawauza kuti asinthane malo. Phokoso limene limamveka pamenepo ndi limene ndimalikonda kuposa lina lililonse pa ntchito yanga. Ndikatero ndimawafotokozera za mphunzitsi wina amene anakana kutembenuza pepala, ndipo sindibisa kuti ndi ndani.

Kwa iwe mwana wanga wa ku desiki ya kumbuyo, dzina lako sindilemba pano, koma ukudzidziwa. Pano ndinu mayi aakulu, ndiye ndinene mwaulemu: munalondola, linali dzenje. Pepani kwambiri. Ngati wina wa kalasi ya 2007 akudziwa kumene ali, chonde mumufikitsire mawu amenewa.