Nsapato m'Manja pa Bwalo la Ndege

Pa mabwalo a ndege a ku America pali malo amodzi amene abusa, madokotala ndi agogo akhala akufanana: pamzere wa achitetezo. Munthu watchena suti, koma lamba ali m'thireyi, dzanja limodzi lagwira thalauza, kuphazi kuli sokosi yobooka pachala. Mose anavula nsapato chifukwa anaima pamalo opatulika. Pano ayi, ndi pansi pozizira pamene papita mapazi ambirimbiri chiyambire m'mawa.

Zinayamba pa 22 Disembala 2001, pamene Richard Reid anayesa kuyatsa bomba lobisika mu nsapato m'ndege yochokera ku Paris kupita ku Miami. Analephera, koma mu 2006 bungwe la TSA linalamula kuti aliyense azivula nsapato. Patapita nthawi anamasulako ana aang'ono ndi okalamba a zaka 75 kupita m'tsogolo. Ena onse anangopirira, kwinaku akudandaula kuti bwanji m'maiko ambiri anthu amadutsa osavula.

Lamuloli linatha pa 8 Julayi 2025, msonkhano wa General Conference uli mkati ku St. Louis. Abale ena amene anavula nsapato posintha ndege popita, pobwerera anadutsa atavala. Komabe makina akalira, wachitetezo angakuuzeni kuti muvule, ndipo mabwalo a m'maiko ena ali ndi malamulo awoawo.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa si manyazi kapena kuchedwa. Ndi mapazi a odwala shuga. Ambiri mapazi awo anachita dzanzi, moti akaponda kanthu kakuthwa samva, ndipo kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chosapola msanga. Kuchipatala timauzidwa kuti wodwala shuga asayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba mwake momwe, ndiye kuli bwanji pamalo otere? Ngati muli ndi vutoli, uzani wachitetezo musanavule, ndipo valani masokosi okhuthala osabooka. Mukadutsa, khalani pampando, gwedezani nsapato, pisani dzanja mkati musanavale. Agogo ovutika kuwerama asankhireni nsapato zopanda zingwe.

Lamulo la zamadzimadzi lija la mamililita 100 likadalipo m'malo ambiri. Insulini ndi mankhwala ena amaloledwa mukawaonetsa, makamaka ali m'paketi yake pamodzi ndi kalata ya dokotala. Botolo la madzi dutsani nalo lopanda kanthu, mukadzaze mbali inayo, pakuti mpweya wa m'ndege ndi wouma ndipo timakapu timene amagawa mmenemo sitikwanira ulendo wa maola 13.