Mkute umene sunkafika m'mawa

Minibasi inanditsitsa pa Nthukwa ku Chilomoni nthawi isanakwane 7 koloko m'mawa, Loweruka la mu Julaye, phiri la Michiru litafunda chiperoni mpaka m'khosi. Anyamata a kabaza anali atabisa manja m'majekete, aliyense pa njinga yake. Achemwali anga ndinawazindikirira patali chifukwa cha nsapato: kunsi kwa chitenje kunkaoneka nsapato zothamangira za pa kaunjika, zimene kale sakanazivala ngakhale popita kumunda.

Tisanamalize n'komwe moni, anandifunsa kuti, "Mwadya, achimwene?"

"Ndikadya kunyumba."

"Ayi. Kuno masiku ano sitiyenda ndi njala." Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa mbatata yophika ndi dzira, zikadali zofunda. Ndinadyera pompo, choimirira.

Chaka chatha anapita kukayezetsa BP, ndipo namwino anawapempha kuti abwerenso m'mawa mwake asanalawe kanthu kuti adzawayeze shuga. Atawabaya chala, kamakina kanaonetsa 6.4. Tsiku lina anayezanso, kanaonetsa 6.5. Mawu amene anauzidwa amawabwereza mpaka lero: "Amayi, shuga simunadwale, koma muli pamalire." Madokotala amati prediabetes. Munthu akayezedwa asanadye n'kupezeka ndi 7.0 kupita m'mwamba, ndipo zikabwerezeka tsiku lina, amenewo ndi matenda a shuga. Malirewo bungwe la WHO limawaika pa 6.1 mpaka 6.9, pomwe a ku America amayambira pa 5.6. Makina ena amawerenga mwamtundu wina, pa 7.0 amalemba 126. Nsima, mpunga ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini wochokera ku kapamba ndiye amatsegula khomo kuti shugayo alowe m'minofu. Mafuta akachuluka, makamaka pamimba, khomolo limayamba kulimba, shuga n'kumangozungulira m'magazi. Palibe pamene pamapweteka. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Tinayenda pang'ono n'kufika pa chiwaya. Mnyamata wake anali atangokoleza moto. Pakati pa chiwayacho mafuta akuda ankachita thovu, m'mbali mwake ataunjika tchipisi cha dzulo kuti chitenthedwenso, pambali pali beseni la kabichi wodulidwa ndi kabotolo ka mchere kobooledwa pa chitsekero. Fungo lake linkatikoka ngati chingwe.

"Mayi, lero ndikuikireni cha zingati?" anafunsa mnyamatayo, akuseka ngati munthu wowadziwa bwino.

"Lero ayi, mwanangu. Ndikuperekeza alendo."

Titapitirira anandiuza mmene tsiku lawo linkayendera kale. Iwo ndi telala, ali ndi makina pakhonde la sitolo ina. M'mawa ankangomwa tiyi wa masupuni 4 a shuga n'kunyamuka. Masana ankadumpha dala, ati kuti achepetse thupi ndiponso ndalama isawonongeke. Pofika 5 koloko madzulo manja ankanjenjemera pa makina, ndiye poweruka ankaima pa chiwaya chomwechi, tchipisi ndi Fanta, mandasi awiri odyera m'njira. Kunyumba nsima inkawadikira. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma anati zotsalazo akandiuza tikafika kukhitchini.

Mumsika munali matope. Achemwali anadutsa mabenchi a buledi ndi masikono osacheuka, n'kukaima kwa amayi a masamba. Panali mpiru, repu, chainizi, bonongwe womangidwa ndi luzi, ndi chisoso chochepa pakona ya thumba. Anagula mipukutu 4 pomwe kale ankagula umodzi wa banja lonse. Anatenganso nandolo, tomato, kambale ka bonya ndi nsinjiro za m'kapepala. Ndinkayembekezera kuti chakudya cha munthu wa pamalire a shuga chikhala cha m'masitolo akuluakulu a m'tauni. M'chikwama chija munalibe kanthu kamene agogo athu sakanakadziwa.

Mayi wina wogulitsa tomato anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Asisi, mwaondatu. Kwagwanji? Alamu sakukusamalani?"

Achemwali anaseka n'kuyankha kuti ali bwino, koma titachoka nkhope inagwa. Funso limeneli amalimva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo limawapweteka kuposa njala. Kwathu kuno kunenepa timakuyesa mtendere wa pabanja, ndipo chibwerere Edzi munthu akaonda anthu amayamba kunong'onezana. Ndaonapo amayi akusiya zimene anauzidwa kuchipatala chifukwa choopa pakamwa pa anansi. Chonsecho kafukufuku amene anachitika ku Area 25 ku Lilongwe ndi ku Karonga, wotuluka mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupyola muyeso woyenera. Kale mu 2009 kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO anali atapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera. Amenewa si matenda a mabwana a ku Namiwawa okha. Afika kale pa benchi ya tomato.

Pa chigayo sitinakhalitse. Anangondilozera mizere iwiri ya mabeseni, wina wa mphale yonyikidwa yopangira ufa woyera, wina wa chimanga chosakonola. Iwo anasamukira ku mgaiwa, chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimatsalamo ndipo umakhalitsa m'mimba. Koma anandichenjeza za chinthu chimene anzawo ambiri amalakwitsa. Amamva kuti mgaiwa ndi wabwino, ndiye amadya mitanda 4 mtima uli m'malo. Mgaiwa ndi chimanga ndithu, nawonso umasanduka shuga. Nkhani ili pa kuchuluka kwa mitanda.

Nyumba yawo ili chakumtunda, njira yake ya miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Tinalowa m'khitchini, kachipinda kakang'ono ka zenera limodzi, mbaula pakona, mapoto atapachikidwa pa misomali. Anakhala pa kampando n'kuloza shelefu ya m'mwamba.

"Mkute unkakhala apo."

M'nyumba zambiri nsima yotsala usiku amaivundikira kuti ana adzadye m'mawa. M'nyumba muno mkute sunkafika m'mawa. Onse akagona, achemwali ankadzuka mwakachetechete, osayatsa getsi, n'kuima pamalo pomwe ndinaima inepo. Ankayamba ndi nsima yozizirayo, kenako ndiwo zotsala mumphika, kenako buledi wa ana wa kusukulu, nthawi zina mpaka shuga wouma wa m'chitini, pa supuni. Ankadya mofulumira, osamva kukoma, osakhoza kusiya, kufikira mimba itawawa. Akatero ankabwerera kukagona akulira, n'kulumbira kuti mawa sadya tsiku lonse. Mawa lake ankasungadi lumbirolo mpaka 5 koloko, ndipo usiku zinkabwereranso. M'mawa mwana akafunsa za buledi, iwo ankati makoswe.

"Ndinkadziyesa wadyera, achimwene. Ndinkapemphera kuti Mulungu andichotsere umbombo."

Ndinasowa chonena. Ndakula nawo achemwali amenewa, ndiwo ankandisiyira nthuli yawo ya nyama tili ana, ndipo mawu oti dyera sawayenera ngakhale pang'ono. Chimene ankalimbana nachocho ndi vuto lodziwika kwa madokotala a maganizo, ndipo kuyambira 2013 buku lawo lalikulu la ku America limaliwerenga ngati matenda paokha: kudya chakudya chambiri m'kanthawi kochepa, munthu akumva kuti sangathe kudziletsa, kawirikawiri mobisa, manyazi n'kutsatira, zikuchitika kamodzi pa sabata kapena kuposa kwa miyezi 3. Chimodzi mwa zimene zimasonkhezera vutoli ndi kudzimana komwe. Thupi lomanidwa usana wonse limadzalipiritsa usiku. Ndiye munthu wotere ukangomuuza kuti "chepetsani kudya", monga timachitira tikamva za shuga, wamukankhira kudzenje lomwe akufuna kutulukamo.

Mwayi wawo unali woti anakumana ndi dokotala amene anafunsa funso loyenera. Sanayambe ndi mndandanda wa zoletsedwa. Anafunsa kuti, "Amayi, dzulo munadya nthawi yanji ndi nthawi yanji?" Atamva yankho anawauza kuti ntchito yoyamba ndi kudya: m'mawa, masana, madzulo, ndi kanthu kakang'ono pakati, osalola maola opitirira 4 kudutsa m'mimba mulibe kanthu. Achemwali akuti anatuluka m'chipindamo akuganiza kuti dokotalayo sanawamvetse.

Anaphika ndikuonerera. Mafuta anayeza ndi supuni, osati kupungula m'botolo. Mpiru anatendera. Pogawa, theka la mbale yawo linadzaza masamba, mbali ina nandolo ndi bonya, ndipo nsima unali mtanda umodzi wonga chibakera chawo. Anayamba ndi ndiwo, nsima pambuyo, akutafuna mosathamanga. Pa tebulo panali jagi ya madzi pamalo pomwe kale pankakhala Sobo. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, pomwe WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Tiyi wawo anamutsitsa pang'onopang'ono, kuchoka pa masupuni 4 kufika pa imodzi, ndipo zinawatengera miyezi iwiri. Alamu anga poyamba ankadandaula kuti ndiwo zachita kuchuluka ngati za mbuzi, koma tsiku limenelo ndinawaona akuwonjezera mpiru kawiri.

Chakumadzulo dzuwa linatuluka, ndipo tinanyamuka kulowera kuphiri. Tinadutsa tchalitchi cha Katolika cha St James kwaya ikuphunzira nyimbo, ndi nyumba za Beehive, mpaka pamene Njira ya Mtanda imayambira kukwera Michiru. Pamwamba pake pali mtanda waukulu wofanizira wa ku Medjugorje, ndipo anthu amakwera kukapemphera, ena okhaokha, ena m'magulu. Achemwali amakwerako Loweruka, ndipo masiku a ntchito amapita ku makina awo wapansi m'malo mokwera kabaza. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa anthu oposa 3,000 a pamalire a shuga, wotuluka mu 2002, anaonetsa kuti amene anasintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa amene anapatsidwa mankhwala a metformin. Kwa munthu wa makilogalamu 86 ngati mmene analili achemwali, magawo 7 pa 100 amenewo ndi makilogalamu 6 okha. Atsitsa 5. Poyezetsa komaliza kamakina kanaonetsa 5.9, ndipo anauzidwa kuti asasiye kubwera kudzayezetsa.

Sitinafike pamwamba. Tinakhala pa mwala chapakati, Chilomoni yense ali pansi pathu, malata akunyezimira, utsi wa mbaula ukuyamba kukwera. Anayang'ana nthawi pa foni n'kutulutsa mtedza wokazinga wodzaza dzanja ndi nthochi imodzi, tinagawana. Ndinawafunsa ngati za usiku zija zinatheratu.

"Sizinathe. Mwezi watha zinandigwira kawiri, sabata ya maliro a apongozi. Koma m'mawa mwake ndinadya phala langa monga mwa masiku onse. Ndipo ndinawauza alamu anu."

Usiku umenewo ndinagona pabalaza, pafupi ndi khomo la kukhitchini. M'mawa mwana wawo wamng'ono anakwera pa kampando, n'kutsitsa mbale pa shelefu ya m'mwamba. Anavundukula, ndipo mitanda iwiri ya mgaiwa inali momwemo, yozizira, itauma pamwamba. Anaiika pa mbaula kuti aiwotche.