Omanga M'njira ya Namondwe

Inu owerenga, abale anga a kumidzi, sabata ino ndifuna ticheze za anthu a kutali, okhala m'mbali mwa nyanja yamchere ku dziko la Amereka. Kapena mudzafunsa kuti, "Nanga ife alimi za ku Amereka zitikhudza bwanji?" Tadekhani, muwerenge kufikira pothera, pakuti ine ndiyesa kuti vuto lawolo si lachilendo kwa ife.

Kumeneko kuli namondwe woopsa amene eni ake amutcha hurricane. Iye abadwira pakati pa nyanja, pamene madzi afunda kwambiri ndi dzuwa. Nthunzi ikwera, mitambo ichuluka niyamba kuzungulira monga kamvuluvulu, koma kamvuluvulu wake ngwotambalala mamailosi mazanamazana. Mphepo ikafika liwiro la mamailosi 74 pa ola limodzi, m'pamene amutcha dzina limeneli. Nyengo yake iyamba mu June nikatha mu November. Mphepoyo igwetsa nyumba ndithu, koma anthu ambiri afa ndi madzi, chifukwa namondwe akankhira nyanja kumtunda, ndipo mvula yake idzaza mitsinje.

Taonani zimene zinaoneka ku Galveston, mzinda womangidwa pa chilumba chamchenga m'dera la Texas. Pa 8 September 1900 munali anthu ngati 37,000. Malo aatali koposa pachilumbapo sanafike ndi mapazi 9 omwe pamwamba pa nyanja, koma madzi anakwera mapazi 15. Usiku umodzi wokha anafa anthu oposa 6,000. Otsalawo anamanga khoma lalitali mapazi 17, nathira mchenga kukweza mzinda wao.

Munthu akadayesa kuti mbiri yotere ikamveka, anthu adzaopa gombe. Iai, anapita ochuluka. Dera la Florida, limene namondwe alikonda kwabasi, linali ndi anthu ngati 529,000 m'chaka cha 1900. Pofika 1950 anali pafupifupi 2,800,000, ndipo pa kalembera wa 2020 anapyola 21,000,000.

Mlendo sadziwa makhalidwe a malo. Mu September 1926 namondwe anagwa pa mzinda wa Miami, umene unali wodzaza ndi anthu ongofika kumene. Tsono pakati penipeni pa namondwe pali malo a bata amene awatcha diso. Disolo litafika pamzindapo, mphepo inaleka. Alendo aja anayesa kuti zatha, natuluka kupita m'miseu. Lisanathe ola, mphepo inabweranso kuchokera mbali ina, niwapeza ali panja. Patapita zaka ziwiri, mu 1928, namondwe wina anasefukiritsa nyanja ya madzi opanda mchere yotchedwa Okeechobee, nagumula mchimbo wadothi umene unatchinga minda. Anafa anthu osachepera 2,500, ndipo ambiri a iwo anali anthu akuda aganyu amene anadza kudzalima dothi lachonde la kumeneko.

Ngakhale masiku athu ano kumanga sikunaleke. M'chaka cha 1957 amalonda anayamba mzinda wa Cape Coral pa malo athyathyathya, a tchire ndi madambo. Anakumba ngalande za mamailosi ngati 400 kuti ogula akhale ndi madzi kuseri kwa nyumba. Pofika 2020 munali anthu oposa 190,000. Mu September 2022 namondwe wotchedwa Ian anatulukira pafupi pomwepo, napha anthu ngati 150 m'Florida, ambiri a iwo okalamba. Akatswiri atiuzanso kuti nyanja ilikufunda ndi kukwera pang'onopang'ono, kotero kuti madzi a namondwe afika patali kuposa kale.

Kodi tinene kuti anthu amenewa ngopusa? Ine ndikana. Kugombe kuli madoko, kuli ntchito, kuli nsomba, ndipo kulibe chisanu chimene chisautsa nkhalamba kumpoto kwa dzikolo. Namondwe angathe kukhala zaka makumi awiri osadutsa pamalo, koma njala ndi kusowa ntchito zifika tsiku ndi tsiku. Inu amene muli ndi dimba m'mbali mwa mtsinje mudziwa bwino chimene ndinena. Dothi lake ndi lakuda, chimanga chicha kawiri, madzi ali pafupi. Poyamba mumangapo kachisakasa kolondera mbeu. Chaka chamawa muikapo nkhokwe. Mwana akakwatira amanga pomwepo, ndipo posachedwa pali mudzi pamalo pamene makolo ankangolimapo masana ndi kukagona kumtunda.

Zoona, lero kuli makina a m'mlengalenga amene aona namondwe akali kutali, ndipo Boma lichenjeza anthu pa wailesi masiku angapo asanafike. Chimenechi chapulumutsa miyoyo yambirimbiri. Koma nyumba ilibe miyendo, ndipo si onse angathe kuthawa. Mu August 2005 namondwe Katrina anagumula makoma otchinga madzi ku New Orleans, namiza magawo anai mwa asanu a mzindawo. Chenjezo linaperekedwa, koma osauka opanda galimoto, odwala ndi okalamba anatsalira. Onse amene anafa ndi namondweyo anaposa 1,300.

Tsono namondwe ameneyu ndi yemweyo amene kuno afika kuchokera ku nyanja ya India, kungoti maina asiyana. Idai, amene anapasula Beira mu March 2019, ngwa mtundu womwewo. Freddy, amene anatiliritsa mu March 2023, chimodzimodzi. Ife sitikhala pa gombe la nyanja yamchere, koma pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre, zinapeza nyumba zothithikana m'njira mwake. Anamangamo ndi anthu ofuna ntchito m'tauni, osowa malo ena otchipa, monga anzathu aja a ku Okeechobee anatsata minda.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu zowerengeka. Musanakumbe maziko, pitani kwa nkhalamba ya pamudzi mukafunse pamene madzi anafika m'chaka choipa koposa, ndipo mumange pamwamba pa malirewo. Inu mafumu ndi anyakwawa, anthu achuluka ndipo malo achepa, tidziwa. Koma musagawe malo a nyumba m'khwawa kapena m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo, ngakhale wopemphayo achonderere. Dimba limani, koma ana agone kumtunda. Bango ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zisiyeni, pakuti ndizo zigwira dothi. Wailesi ikanena za namondwe, musadikire kuona madzi pakhomo. Yambani mwanyamula agogo, odwala ndi ana kukali kowala.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ku Amereka kuli ndalama zomangira makoma aatali, komabe madzi apeza njira yao yakale. Ife amene tilibe ndalama zotere, khoma lathu ndi kusankha bwino pomanga. Kambiranani nkhaniyi pabwalo mvula isanagwe.