Ku Amsterdam, Kumene Dzino Losaoneka Limalimba M'manja

Anthu ambiri akamva za Amsterdam amaganiza za ngalande zamadzi, milatho ndi njinga zakapalasa zosawerengeka. Koma mukatsika sitima pa siteshoni ya Amsterdam Zuid, kummwera kwa mzindawu, mumapeza dera lina lotchedwa Zuidas, la nyumba zazitali zamagalasi ndi maofesi a mabanki. Njinga zokha ndiye ziliko ndithu, ndipo mlendo woima pamsewu wawo amaimbiridwa belu mosamunyengerera.

Mukayenda pang'ono mufika pa ACTA, sukulu ya madokotala a mano imene mayunivesite awiri a mumzindawu anakhazikitsa pamodzi mu 1984. Odwala enieni amabwera kudzathandizidwa pomwepo, koma wophunzira asanaloledwe kukhudza m'kamwa mwa munthu amayamba wakhala nthawi yaitali pa makina otchedwa Simodont. Makinawa anapangidwa ndi sukuluyi mogwirizana ndi kampani ya Moog, imene inazolowera kupanga zipangizo zophunzitsira oyendetsa ndege ali pansi.

Wophunzira amakhala pampando, n'kuvala magalasi a 3D, n'kuweramira kagalasi koikidwa pamene pakanakhala mutu wa wodwala. Mmenemo amaona dzino litaima ngati lenileni. Pansi pa galasilo dzanja lake lagwira kachitsulo kofanana ndi chobowolera mano, ndipo phazi lili pa chopondera. Dzinolo kulibe, ndi chithunzi cha kompyuta chabe. Komabe akalikhudza, timainjini tobisika timakankha kachitsuloko mobwezera, moti zala zimamva kuti zagunda chinthu cholimba.

Apa ndi pamene pali nkhani. Dzino si lolimba mofanana paliponse. Kunja kuli chikuta choyera chimene chimaposa ngakhale fupa kulimba kwake. Mkati mwake muli gawo lofewerapo, ndipo pamene pabooka chifukwa cha kuwola m'pofewa kwambiri. Pakati penipeni pali mitsempha. Dokotala amadziwa malire a zigawozi makamaka ndi zala, pakuti maso saona bwino m'kabowo kakang'ono chotero. Akapitirira pang'ono, wafika pa mtsempha, ndipo chimene chadyeka pa dzino sichimeranso. Pa Simodont wophunzira akalakwitsa amangoyambiranso dzino lomwelo, ngakhale kakhumi, ndipo makinawo amasunga ntchito yonse kuti mphunzitsi aone pamene dzanja linalemera. Mano apulasitiki amene sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito sapereka mwayi umenewu: likawonongeka limodzi, muyenera kugula lina.

Kwathu kuno maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow. Ambiri mwa ife timapita kuchipatala dzino litafika kale pozulidwa, choncho dokotala wodziwa kubowola moyenera ndi kumata ndi amene angatipulumutsire mano.

Ine ndikuona kuti makinawa ali ndi malire ake. Dzino la pakompyuta silichita mantha. Silitulutsa malovu, lilibe lilime lotchinga njira, ndipo silitembenuka mwadzidzidzi ngati mwana wa zaka 6 amene wamva kulira kwa chobowolera. Zimenezo wophunzira amakumana nazo akasamukira kuzipinda za odwala m'nyumba yomweyo, mphunzitsi ataima pambali pake.