Ndalama za m'Foni Zikabedwa, Mlandu Ngwa Yani?

Amayi anzanga, akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nchifukwa chake ndati ndikusimbireni zimene zidandigwera, ngakhale kuti pozikumbukira ndimagwidwa manyazi.

Ine ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde. Poopa mbala, tidapangana kuti ndalama za gulu zizikhala m'foni yanga. Tsiku lina m'mawa, ndili pa mtondo kukonola chimanga, foni idalira. Bambo wa mawu aulemu adanditchula dzina, nanena kuti ngwa ku kampani ya foni, ndipo kuti nambala yanga itsekedwa dzuwa lisanalowe ngati sindichita zimene andiuze. Mtima udagunda poganizira thukuta la anzanga. Adanditchulira manambala oti ndidinde, kenaka nkuti ndimalize ndi nambala yanga yachinsinsi ija amati PIN. Posakhalitsa udafika uthenga wakuti ndatumiza K120,000 kwa munthu amene sindimdziwa.

Chifukwa cha mantha ndidakhala chete masiku awiri. Nditapita ku ofesi, mtsikana wa pamenepo adandilongosolera mwaulemu kuti PIN ili ngati chidindo cha chala pa kalata. Popeza ndalamazo zidachoka pa foni yanga, ndi dzanja langa, kampani idaziona ngati ndatumiza mwakufuna kwanga. Adatinso ndikadaimba nthawi yomweyo, mwina akadazitsekereza mbalayo isanakazitape kwa ejenti.

Komatu si nthawi zonse pamene mlandu umagwera mwini foni. Ngati ndalama zachoka inu musanadinde kanthu, kapena wina watenga simu khadi yatsopano ya nambala yanu mwachinyengo, kapenanso makina alakwitsa, musavomere msanga kuti zapita. Kadandauleni ku kampani, musafufute mauthenga, lembani tsiku ndi nthawi, ndipo kaneneni ku polisi. Yankho likapanda kukukhutiritsani, dandaulo lanu likhoza kufika ku Reserve Bank of Malawi, imene lamulo la 2016 lidaipatsa mphamvu yoyang'anira njira zotumizira ndalama m'dziko muno.

Usiku umenewo ndidawaululira bambo a kunyumba. Adakhala duu kwa nthawi, kenaka adati, "Mayi, ndalama zimapezeka, koma mbiri ikaipa sigulidwa pa msika." Tidagulitsa mbuzi ziwiri zimene tinkasungira fizi ya mwana. Loweruka ndidaimirira pamaso pa amayi anzanga, nkufotokoza zonse, ndi kubweza ndalama zawo mpaka tambala yomaliza. Ndidadabwa kumva amayi awiri akuulula kuti nawonso adaberedwa motero, koma adabisa.

Choncho amayi, PIN yanu ikhale ya mumtima. Wogwira ntchito woona sakufunsani nambala imeneyi. Mlendo akakufulumizitsani pa foni, dulani, kenaka imbani nokha ku kampani. Zikakugwerani, musazengereze monga ndidachitira ine, pakuti masiku awiri aja ndiwo adadya mbuzi zanga.