Rambo wolankhula Chitaliyana

Rambo ndinamudziwira m'nyumba zoonetsera vidiyo, womasulira akumulankhulitsa Chichewa n'kumathiramo nthabwala zake. N'chifukwa chake mnzanga amene anaphunzira ku Roma atandipatsa foni kuti ndione mathero a filimu yoyamba ija, ya 1982, m'Chitaliyana, ndinakonzekera kuseka. Koma phwete silinatuluke. Pamene Rambo akugwa pansi n'kuyamba kulira pamaso pa mkulu wake wa asilikali, liwu linali lokhuthala, losasa pang'ono, lodukira pakhosi, ndipo milomo ya Sylvester Stallone inkatseka ndendende pomwe mawu athera. Chitaliyana sindimva ngakhale pang'ono, koma thupi linachita tsemwe.

"Achimwene, ameneyo ndi Ferruccio Amendola," anatero mnzangayo. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikutha ndalama za intaneti pomusakasaka bamboyu.

Anabadwira ku Torino mu 1930, m'banja la anthu a zisudzo, ndipo anayamba kuoneka m'mafilimu akadali mnyamata. Ntchito imene inamutchukitsa ku Italy amaitcha doppiaggio: munthu amaima mu situdiyo kutsogolo kwa maikolofoni, maso ali pa chithunzi, n'kulowetsa liwu lake m'kamwa mwa wina. Ntchitoyi inazika mizu m'zaka za m'ma 1930, boma la Mussolini litalamula kuti mafilimu akunja azilankhula Chitaliyana. Bomalo linagwa, chizolowezi chinatsala.

Chimene chikundizunguza mutu n'choti kholingo limodzi lomweli linanyamula amuna anayi osafanana n'komwe. Dustin Hoffman mu Tootsie, Al Pacino mu The Godfather ndi Scarface, Robert De Niro mu Taxi Driver, kenaka Stallone. Ndinamvetsera De Niro akudzilankhula yekha pagalasi, n'kubwerera kwa Rambo, kubwereza kanayi konse. Liwu ndi lomwelo, sabisa ayi. Chimene amasintha ndi kapumidwe: kwa De Niro mawu amatuluka mozemba ngati munthu akubisa mpeni, kwa Stallone amachita kukokedwa kuchokera m'mimba. Ndipo De Niro ndi Pacino atakumana mu Heat mu 1995, panavuta, poti munthu sangadziyankhe yekha patebulo. Amendola anatenga De Niro, Pacino anapita kwa Giancarlo Giannini.

Rocky woyamba, filimu inanso ya Stallone, sanali wa Amendola, anamulankhulira Gigi Proietti, Amendola analowa pa wachiwiri. Izi ndazidziwa dzana lomweli, koma ndikuuza aliyense ngati ndine katswiri.

Amendola anamwalira ku Roma pa 3 September 2001, ndi khansa yapakhosi, malo omwewo amene ankadyera. Mwana wake Claudio Amendola ndi katswiri wa mafilimu wotchuka kwawoko.

Lembani dzina la Ferruccio Amendola pa YouTube, pezani kachigawo ka Taxi Driver kaja, mutseke maso kaye. Chitaliyana musadandaule nacho.